Sewero la Nkhondo "Linapha" Msilikali Wamoyo

Anthu ambiri analiyamikira sewero la pa wailesi ya kanema lochedwa Band of Brothers, limene linaturuka m'caka ca 2001, losimba za nkhondo yaciwiri ya dziko lonse. Koma openyetsetsa anapezamo zolakwa.

Seweroli linati msilikali wa ku America, Albert Blithe, amene analasidwa ku Normandy mu 1944, anamwalira mu 1948. Zoona zace n'zakuti iye anacira, napitiriza usilikali ku Korea, namwalira ku Germany mu 1967. Abale ace ndiwo anaulula colakwaci.

Cigawo cina, colembedwa tsiku la 11 April 1945, cionetsa asilikali alikumva za imfa ya Hitler, cikhalireco iye anafa pa 30 April.

Tsono ana a sukulu acenjere polemba mayeso: kanema si buku la mbiri.