ULEMU WA MJEREMANI ULI PA NTHAWI NDI PA MAU

LIVINGSTONE: Anyamata oyendetsa magalimoto a alendo mu mzinda uno amadziwa cinthu cimodzi cimene sanaphunzire ku sukulu. Mlendo wocokera ku Germany akauzidwa kuti ulendo wa ku mathithi a Mosi-oa-Tunya uyamba 7 koloko m'mawa, amakhala ataima kale pa cipata ca hotela nthawiyo isanakwane, cipewa kumutu, botolo la madzi m'manja. Pakapita mphindi khumi galimoto isanaoneke, nkhope yake yayamba kusintha. Ndipo woyendetsa akafika ndi kuyamba moni wautali, kufunsa m'mene alendo agonera ndi m'mene aukira, mlendoyo amangoyang'ana pa nkoloko ya pa mkono.

Madzulo woyendetsa amakafotokoza kunyumba kuti lero wanyamula anthu ouma mtima, osadziwa moni. Mlendo nayenso amakadandaula kwa mwini hotela kuti wanyozedwa poimikidwa pa dzuwa. Onse awiri akulira ulemu, koma amene kawirikawiri amataya nchito ndi woyendetsa uja. Nkhani imeneyi ikhudza makolo a ku Chipata, Katete, Petauke ndi Lundazi, pakuti ana ao ena amabwera kuno kudzafuna nchito m'mahotela, ndipo ena ayamba kumva za mwai wokagwira nchito ku Germany kweni-kweniko.

Ajeremani si alendo a dzulo m'dera lino. Munthu wina wa ku Bremen, dzina lake Eduard Mohr, anafika pa mathithi m'caka ca 1870, patapita zaka 15 cifikire David Livingstone, pamene mzinda uno kunalibe. Amene amayenda ulendo wa ku Sesheke amaudziwa ulalo wa Katima Mulilo pa mtsinje wa Zambezi, wautali pafupi-fupi mamita 900, umene unamangidwa ndi thandizo la ndalama za Boma la Germany. Anautsegula m'mwezi wa May 2004 a Levy Mwanawasa pamodzi ndi a Sam Nujoma a ku Namibia, ndipo usanamangidwe anthu ndi magalimoto anali kuoloka pa pantuni. M'mwezi wa November 2023 mtsogoleri wa dzikolo, a Frank-Walter Steinmeier, anafika mu mzinda uno atakumana ndi a Hakainde Hichilema ku Lusaka.

Tsono pa nkhani ya nthawi, ciyenera kumveka ndi cakuti Mjeremani sakwiya cifukwa cokonda nkoloko. Iye analeredwa kuti kudikiritsa munthu ndiko kumuuza kuti nthawi yake iribe nchito. Kwao munthu sapita kwa dokotala, ku ofesi ya Boma, ngakhale kukaceza kwa mnzake, popanda kupangana tsiku ndi ora. Mlendo wongofika pa khomo osadziwitsa, amene ku mudzi amamugwirira nkhuku, kumeneko amadabwitsa eni nyumba. Komabe asanamizidwe munthu kuti zonse za kumeneko zimayenda pa nthawi yake: m'caka ca 2024, mwa masitima atatu ali onse oyenda mitunda italiitali m'dzikolo, yoposa imodzi inafika mocedwa, ndipo eni dziko amadandaula nazo kwambiri.

Cimene cimaononga ubale koposa kucedwa ndi kamau kakang'ono kakuti "inde". Mwana woleredwa bwino ku mudzi sakana wamkulu pamaso. Akapatsidwa nchito imene aona kuti siitheka, amati "ndamva", kapena "ndidzayesa", ndipo wamkulu wa kwao amazindikira yekha kuti pali bvuto, pakuti amamvera mau pamodzi ndi nkhope. Mjeremani alibe khutu limenelo. Iye akamva "ndidzayesa" amalemba m'buku lake kuti nchito idzatha Lacisanu, nauza anzake, nakonza zina pamwamba pa lonjezo limenelo. Lacisanu likafika nchito isanathe, saganiza kuti mnyamatayo anamucitira ulemu posamukana. Amaganiza kuti anamunamiza. Akadauzidwa Lolemba kuti simenti yacepa kapena kuti anthu awiri sangathe kukumba ngalande yonse, sakadakhumudwa konse, pakuti kwa iye wonena bvuto msanga ndiye wanchito wodalirika.

Mbali inayo ya nkhani yomweyi ndiyo imapweteka anthu akuno. Mjeremani amati "iai" mosazungulira, ndipo angathe kuloza colakwa ca mmisiri wamkulu pamaso pa acinyamata amene mmisiriyo anawaphunzitsa. Wodzudzulidwayo amasunga cilonda mwezi wathunthu, pamene wodzudzula anaiwala nthawi ya tiyi isanakwane, popeza m'maganizo mwake anali kunena za khoma lokhota, osati za munthu. Apa mlendo ndiye ayenera kuphunzira. Ali m'dziko la eni, ndipo kuitanira munthu wamkulu pambali sikumcedwetsa nchito.

Asaganize wina kuti anthu amenewa alibe mau aulemu. Monga Cinyanja cimasiyanitsa "iwe" ndi "inu", Cijeremani naconso ciri ndi "du" wa ana, abale ndi mabwenzi, ndi "Sie" wa akulu ndi alendo. Munthu wosadziwana naye amachulidwa ndi dzina la makolo, patsogolo pake pali "Herr" kwa bambo kapena "Frau" kwa mai, ndipo mwambo wao ndi wakuti wamkulu ndiye amayamba kulola kuti aziitanana ndi "du". Mwana wa ku Chadiza amene anazolowera kunena "a Phiri" ndi "a Banda" sabvutika kumva lamulo limeneli.

Pa maliro mpamene mitundu iwiriyi imatalikirana zedi. Ku Germany maliro ambiri amakhala a banja ndi mabwenzi owerengeka, mwambo umatha m'maora ocepa, ndipo akufa ambiri masiku ano amatenthedwa, phulusa nkuikidwa m'manda patapita masabata. Mapangano ambiri a nchito amapatsa munthu tsiku limodzi kapena awiri, makamaka pa imfa ya mkazi, mwamuna, mwana kapena kholo lombereka. Tsono bwana wocokera kumeneko amathedwa nzeru pamene wanchito wake apempha sabata lathunthu kukaika amai ake ku Nyimba, napemphanso caka cotsatira kukaika amai ake ku Sinda. Iye amayesa kuti akunamizidwa, osadziwa kuti amai aang'ono ndi amai ndithu, kuti amalume ali ndi udindo pa mwana wa mlongo wao, ndi kuti wosaoneka pa maliro a anzake adzasowa omukumbira manda. Wanchito wanzeru amafotokoza ubale umenewu poyera, nachula tsiku lobwerera, nabwerera pa tsikulo.

Alipo Ajeremani amene anakhala nthawi yokwanira kuziona zimenezi ndi maso ao. Kuyambira m'caka ca 1970 a bungwe la mpingo la Gossner Mission la ku Berlin anagwira nchito m'cigwa ca Gwembe, m'cigawo cino ca Kum'mwera, pakati pa Atonga amene anasamutsidwa pomanga damu la Kariba, ndipo anathandiza kuyambitsa ulimi wothirira ku Siatwinda. Munthu sangakhale zaka m'mudzi wotere osazindikira kuti msonkhano suyamba mfumu isanakhale pansi, ndi kuti tsiku la maliro khasu siligwidwa.

Nanga amene apita kukakhala kumeneko amakapeza zotani? Dzikolo liri ndi okalamba ambiri ndipo likusowa anamwino ndi amisiri, kotero kuti m'mwezi wa March 2020 linayamba kutsata lamulo lofewetsa njira ya anchito ophunzira ocokera kunja kwa Ulaya. Maphunziro a unamwino amatenga zaka zitatu, wophunzira amalandira malipiro pamwezi, koma ayenera kuyamba wadziwa Cijeremani ndi kupambana mayeso ake. Akafika amapeza kuti pa Sondo masitolo ambiri ndi otseka, kuti ikakwana 10 koloko usiku saloledwa kusokosera anansi ndi wailesi, ndi kuti zinyalala zimasankhulidwa, mapepala paokha, magalasi paokha, zotsala za cakudya pazokha. Botolo la pulasitiki silitayidwa, pakuti polibweza ku sitolo munthu amalandira masenti 25. Cakudya ca madzulo m'nyumba zambiri ndi buledi wozizira ndi chizi kapena nyama yoduladula, cimene munthu wozolowera nsima yotentha amaciyesa cogwiriza m'mimba podikira mgonero. Anthu akadyera pamodzi ku malo odyera, ali yense amalipira mbale yake, ndipo palibe amene amacita manyazi.

M'mwezi wa December dzuwa limalowa ca m'ma 4 koloko. Koma cimene cimalemera mtima wa namwino wa kuno koposa mdima ndi cisanu ndi nyumba zosungira okalamba, kumene agogo amasamalidwa ndi anthu olipidwa, ana ao ali moyo m'mizinda ina. Wosadziwa amafulumira kuweruza kuti ana aja anataya makolo. Coona ncakuti kumeneko mabanja ndi ang'ono-ang'ono, mwamuna ndi mkazi onse ali pa nchito, ndipo anthu amasonkha ndalama za cisamaliro cimeneci pa malipiro ao ali ndi mphamvu. Ngakhale ziri tero, mwana wa ku mudzi amene adyetsa nkhalamba ya eni ndi supuni saleka kukumbukira ambuye ake amene anawasiya pa mkeka.

Pali cinthu cina cimene makolo ayenera kuciganizira asanagulitse ng'ombe kuti mwana akwere ndege. Kukhulupirika kwa Mjeremani pa mau ake sikutanthauza kuti pangano liri lonse lokhudza dziko lake ndi losadetsa nkhawa. Cilolezo colowera m'dzikolo cimapemphedwa kudzera ku ofesi ya kazembe wao ku Lusaka, ndipo munthu wa pa lamya wolonjeza nchito popanda cinenero ndi wofunika kumuthawa. Kalata ya pangano iwerengedwe yonse, makamaka pamene panena za ndalama zodulidwa.

Anansi a ku Mozambique, kumene Cinyanja cimalankhulidwa m'zigawo za Tete ndi Niassa, anaona zowawa pa mfundo yomweyi. Pa nthawi imene Germany anali maiko awiri, Boma la Mozambique linapangana ndi la East Germany m'caka ca 1979, ndipo acinyamata pafupi-fupi 20,000 anapita kukagwira nchito m'mafakitale a kumeneko, pamene akatswiri a East Germany anabwera ku migodi ya malasha ya ku Moatize. Gawo la malipiro a acinyamatawo linali kudulidwa, nthawi ina kufika pa 60 mwa 100 ali onse a ndalama zopitirira malire oikidwa, ndi lonjezo lakuti adzazipeza kwao. Maiko awiri a Germany atagwirizana m'caka ca 1990 ambiri anabwezedwa, ndipo otsalira ena anazunzidwa cifukwa ca khungu lao, monga zinacitikira ku Hoyerswerda m'caka ca 1991. Obwerera anapeza zocepa, ena osapeza kanthu. Boma la Germany limanena kuti linapereka mbali yake ku Boma la Mozambique. Anthuwo, amene kwao amachedwa Madgermanes, tsopano ali ndi imvi, ndipo kwa zaka zoposa makumi atatu akhala akusonkhana pa Lacitatu mu mzinda wa Maputo, ena atanyamula mbendera za dziko limene kulibenso, kufunsa kumene kunapita ndalama zao.