Zukini m'malo mwa supageti: kodi mlimi wa ku Phalombe angapezepo kwacha?

M'magolosale a pa Migowi, Chiringa ndi pa boma la Phalombe, paketi ya supageti imakhala pa shelefu pafupi ndi shuga, sopo ndi mafuta ophikira. Mabanja ambiri amaigula pa Khirisimasi, pa chinkhoswe kapena tsiku limene kwafika alendo a m'tauni. Panja pa golosale yomweyo, amayi amayala thumba pansi n'kuunjikapo maungu, mphonda, nkhwani ndi tomato. Ndi ochepa amene angaganize kuti katundu wa pansiyu angapikisane ndi wa pa shelefu uja.

Koma m'mizinda ya ku Ulaya, America ndi South Africa mpikisanowu ulipo kale. Kumeneko anthu ofuna kuchepetsa thupi kapena kuchepetsa shuga m'magazi amatenga mtundu wina wa dzungu wotchedwa zukini, n'kuudula tizingwe titalititali, kenaka n'kukazinga ndi kuthira supu monga amachitira ndi supageti. M'masitolo akuluakulu a ku Blantyre ndi Lilongwe, ndiwo imeneyi imagulitsidwa pa dzina loti baby marrow.

Funso la mlimi wa kudimba ndi mayi wa geni ku Phalombe ndi limodzi: kodi pamenepa pali ndalama? Ilipo, koma siili pamene ambiri angayambire kuiyang'ana.

Dzungu losayanga

Zukini ndi wa m'banja la maungu. Makolo ake anachokera ku America, koma mtundu wobiriwira wautali umene ukudziwika lerowu unatulukira kumpoto kwa dziko la Italy m'zaka za m'ma 1800. Maonekedwe ake ali ngati nkhaka, koma sadyedwa ngati nkhaka ndipo sadikiridwa kuti akhwime ngati dzungu. Amathyoledwa akadali wanthete, khungu lisanalimbe, nthanga zisanakule.

Kwa munthu wa ku Phalombe izi si zachilendo. Timaungu tanthete takhala tikuphikidwa pamodzi ndi nkhwani ndi nsinjiro kuyambira kalekale. Kusiyana kwake n'koti zukini sayanga ngati maungu a m'munda mwa chimanga. Amakula ngati chitsamba pamalo amodzi, choncho amakwana pa bedi laling'ono la kudimba, ndipo amayamba kubereka pakatha masabata asanu ndi awiri kapena asanu ndi atatu kuchokera tsiku lodzala.

Chimene chimakweza mtengo wa supageti

Supageti amapangidwa kuchokera ku tirigu, ndipo tirigu wochuluka amene amadyedwa m'dziko muno amachokera kunja. Wolimidwa ku Tsangano m'boma la Ntcheu ndi ku Neno ndi wochepa poyerekeza ndi amene amafunika. Zotsatira zake n'zoti mtengo wa chilichonse cha tirigu umayendera ndalama zakunja.

Nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba mu Febuluwale 2022, tirigu anakwera mtengo pa msika wa dziko lonse chifukwa maiko awiriwa ndi ena mwa amene amagulitsa tirigu wambiri. Mu Meyi chaka chomwecho mphamvu ya kwacha inachepetsedwa ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inachepetsedwanso ndi 44 peresenti. Chilichonse mwa zimenezi chinafika pa shelefu ya golosale ya pa Migowi, ngakhale mwini golosaleyo sanaonepo dola ndi maso.

Zukini wa kudimba sadikira sitima ya ku Nacala kapena ku Beira. Chimene chimadya ndalama ndi mbewu, yomwe nthawi zambiri imachokera kunja, kuphatikizapo manyowa, madzi, mankhwala ndi thiransipoti.

Masamu a pa mbale

Apa ndi pamene pagona msampha. Munthu akamva kuti zukini angalowe m'malo mwa supageti, amaganiza kuti wapeza chakudya chotchipa chokhutitsa banja. Masamu akukana.

Supageti wouma akaphikidwa amamwa madzi n'kufufuma. Paketi ya magalamu 500 imatulutsa chakudya choposa kilogalamu imodzi. Zukini amachita zosiyana: pafupifupi 95 peresenti ya thupi lake ndi madzi, ndiye akafika pamoto amafota. Mulu umene umadzaza beseni uli wauwisi umatsala pang'ono pansi pa poto.

Mphamvu ya chakudya imayezedwa ndi muyeso wotchedwa makalori. Magalamu 100 a supageti wophika ali ndi makalori pafupifupi 158, pomwe magalamu 100 a zukini ali ndi 17 okha. Paketi ya magalamu 500 ya supageti wouma ili ndi makalori pafupifupi 1,800. Kuti banja lipeze mphamvu yomweyo kuchokera ku zukini, liyenera kudya makilogalamu oposa khumi.

Kwa bambo wolima tsiku lonse, wa kabaza wopalasa njinga kuchoka pa Migowi kupita ku Chiringa, mayi woyembekezera kapena mwana wa sukulu, zukini yekha si nkhomaliro. Kafukufuku wa zaumoyo wa m'chaka cha 2015 mpaka 2016 anapeza kuti ana 37 mwa ana 100 aliwonse osakwana zaka zisanu m'dziko muno ndi opinimbira. Ana otere amafunika chakudya chowonjezera, osati chochepetsera. Pa magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene Unduna wa Zaumoyo umaphunzitsa, zukini ali m'gulu la masamba, osati la zakudya zokhutitsa monga nsima, mpunga, mbatata ndi chinangwa.

Wogula weniweni ndani?

Kuchepa mphamvu komweko, komwe kuli vuto kwa wa kabaza, ndiye malonda kwa munthu wina. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita mogwirizana ndi bungwe la WHO m'chaka cha 2009 anasonyeza kuti pafupifupi munthu wamkulu mmodzi mwa atatu aliwonse m'Malawi anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, ndipo oposa asanu mwa 100 aliwonse anali ndi matenda a shuga. Ambiri mwa anthuwa akapita kuchipatala amauzidwa kuti achepetse zakudya zoyera monga nsima ya ufa woyera, mpunga, buledi ndi supageti, n'kuchulukitsa masamba.

Munthu wotere, makamaka wogwira ntchito ya mu ofesi amene amakhala pampando tsiku lonse, amafuna mbale yodzaza m'maso ndi m'mimba koma yosakweza shuga msanga. Tizingwe ta zukini timamupatsa zimenezo. Komabe wogulitsa asadzisandutse dokotala. Zukini si mankhwala, ndipo wodwala shuga amene amamwa mapiritsi kapena kubaya jekeseni ayenera kufunsa kuchipatala asanasinthe kwambiri kadyedwe, chifukwa shuga akatsika mopyola muyeso amathanso kugwetsa munthu.

Choncho msika wa zukini uli m'magulu atatu. Loyamba ndi malo ogona ndi odyera alendo a ku Mulanje ndi Zomba, kumene kumafika anthu okwera phiri ndi a misonkhano amene ndiwoyi amaidziwa kale. Lachiwiri ndi ogulitsa masamba a m'misika ya Limbe ndi Blantyre komanso masitolo akuluakulu. Lachitatu, lomwe ndi laling'ono koma lapafupi, ndi aphunzitsi, anamwino ndi ogwira ntchito m'boma ndi m'mabungwe a ku Phalombe konko.

Msewu wa Zomba, Jali, Phalombe mpaka Chitakale ndi wa Chiradzulu mpaka Chiringa ndiyo imatulutsa katundu m'bomali. Koma mlimi wa ku Phalombe akafika ku Limbe amapeza alimi a ku Bvumbwe m'boma la Thyolo atafika kale, popeza ali pafupi ndi mzinda ndipo ulimi wa masamba anauzolowera. Kupikisana nawo pa mtengo wokha n'kovuta. Malo odyera a ku Mulanje ndi ogula a pafupi ndiwo poyambira pabwino.

Kudimba: m'mera mpoyamba

Alimi a m'mbali mwa mitsinje ya Phalombe, Likulezi ndi Sombani amadziwa kufunika kwa mbewu yocha msanga. Namondwe wa Freddy atakokolola minda mu Malichi 2023, mabanja ambiri m'bomali anadalira ulimi wa kudimba kuti apeze chakudya ndi kangachepe. Mbewu yobereka pasanathe miyezi iwiri ili ndi malo ake pa bedi limodzi kapena awiri, pambali pa tomato ndi mpiru.

Nthawi yabwino kudzala ndi mvula ikatha, dothi likadali ndi chinyezi. M'nyengo ya dzinja matenda a masamba amachuluka, ndipo kutentha kwa Okutobala ndi Novembala m'chigwa cha Phalombe kumachulukitsa nsabwe za m'mbewu zimene zimafalitsa matenda opiringiza masamba. Mapando atalikirane pafupifupi mita imodzi, athiridwe manyowa owolerana, ndipo pothirira madzi alunjike patsinde, osati pamasamba, popewa nthenda yooneka ngati ufa woyera.

Zukini ali ndi maluwa aamuna ndi aakazi pa chomera chimodzi, ndipo njuchi ndizo zimanyamula mungu. Mlimi wopopera mankhwala m'mawa maluwa ali otseguka amapha antchito ake omwe, kenaka n'kumadabwa kuti tizipatso tikuwola tisanakule. Ngati kupopera kuli kofunika, kuchitike madzulo, potsatira uphungu wa alangizi a zaulimi. Mdani wina ndi ntchentche yoboola maungu, ndipo zipatso zoboola zizikwiriridwa mozama kuti mphutsi zisaswane.

Kukolola kumachitika pakatha masiku awiri kapena atatu aliwonse, zukini akatalika masentimita 15 mpaka 20. Apa malonda a zukini akusiyana ndi a maungu: wamkulu ndiye wotsika mtengo. Akakula kwambiri amadzaza nthanga ndi madzi, ndipo wophika wa ku hotela amamukana. Adulidwe ndi mpeni n'kusiya kaphesi, aikidwe m'kreti kapena m'dengu loyala masamba, osati m'thumba, chifukwa khungu lake silichedwa kukalika.

Kuchokera pa mpeni kufika pa mbale

Kunja kuli kamakina kopota tizingweti, koma si kofunika kwenikweni. Mpeni wakuthwa kapena kachitsulo kosendera mbatata n'kokwanira. Zukini atsukidwe koma asasendedwe, adulidwe m'litali mapisi opyapyala, kenaka mapisiwo adulidwenso tizingwe. Pakati pamene pali nthanga pakhoza kupita mu ndiwo zina.

Tizingweto tiwazidwe kamchere pang'ono n'kusiyidwa mphindi 10 kapena 15 kuti madzi atuluke, kenaka tifinyidwe ndi kansalu koyera. Wodwala kuthamanga kwa magazi akhoza kusiya mcherewo n'kungofinya. Supu ya tomato ndi anyezi ikonzedwe payokha. Tizingweto tikazingidwe m'mafuta ochepa pamoto wamphamvu kwa mphindi ziwiri kapena zitatu basi. Kuwiritsa m'madzi monga supageti kumatulutsa phala. Poti supageti amafuna mphindi pafupifupi khumi m'madzi owira, apa makala amapulumukanso.

Kuti mbaleyo ikhale chakudya chenicheni, iphatikizidwe ndi matemba a ku Chilwa, mazira, nandolo kapena nsinjiro. Banja lokhala ndi ana likhoza kusakaniza theka la paketi ya supageti ndi tizingwe ta zukini: paketi imodzi ikwana maulendo awiri, ndipo ana adya masamba osakangana nawo. Pamene zukini palibe, timaungu tanthete, karoti ndi papaya wosapsa zimadulika chimodzimodzi.

Chenjezo limodzi ndi lofunika. Zukini kapena dzungu lowawa kwambiri pakamwa lisadyedwe ngakhale litaphikidwa, chifukwa kuwawako ndi chizindikiro cha poizoni wachilengedwe amene amatsegula m'mimba ndi kusanzitsa. Izi zimaoneka kawirikawiri pa mbewu yosungidwa kuchokera m'munda. N'chifukwa chake mbewu yogula kwa ogulitsa ovomerezeka ndi yodalirika, ndipo wogulitsa alawe kachidutswa asanatumize katundu.

Mtengo usanatchulidwe

Safunsa anadya phula. Mlimi asanagule mbewu, apite kaye kwa wophika wa malo odyera kapena wogulitsa masamba n'kufunsa zinthu zinayi: akufuna makilogalamu angati pa sabata, aakulu bwanji, tsiku liti, ndipo adzalipira pompopompo kapena pakutha pa mwezi. Wogula wolipira mochedwa amafuna mlimi amene ali ndi mpamba wodikirira.

Powerengera mtengo, mbewu, manyowa, mankhwala, ganyu yothirira, chiphaso cha msika ndi thiransipoti yopita ndi yobwerera ziphatikizidwe, n'kugawa ndi makilogalamu amene angagulitsikedi, osati onse okololedwa. Ena adzakalika, ena adzakula mopyola, ena adzatsala. Zukini sali ngati nandolo kapena mpendadzuwa amene mlimi wa ku Phalombe amatha kusunga m'nyumba kudikira mtengo wabwino. Popanda firiji amayamba kufota pakangopita masiku ochepa, ndipo wodulidwa tizingwe ayenera kuphikidwa tsiku lomwelo.

Kudzala mabedi onse tsiku limodzi ndi njira yachidule yotayira katundu. Ndi bwino kudzala mapando ochepa pakatha masabata awiri kapena atatu aliwonse kuti wogula azilandira mosadukiza. Alimi a m'kalabu imodzi akhoza kugawana paketi ya mbewu ndi kutumiza kreti pamodzi kuti thiransipoti ipepuke.

Amayi ophika m'malesitilanti a pa Migowi ndi pa boma ali ndi njira yoyesera msika popanda kutaya zambiri: mbale zochepa pa tsiku la msika, zophikidwa munthu akaitanitsa, pambali pa nsima ndi mpunga wa masiku onse. Mbalezo zikamatha sabata ndi sabata, mlimi awonjezere bedi lachiwiri. Zikamatsala, zukini alowe mumphika wa nkhwani kunyumba, ndipo dimba lipitirire ndi tomato.