Njala ya kumudzi imatsata ana ku yunivesite

MILANGE — Boma la Milange limadziwika ndi chimanga, nyemba ndi nandolo, zomwe amalonda amaolotsa pa chipata cha Muloza kukagulitsa ku Malawi. Komabe ana ena a alimi omwewa akapita ku yunivesite amagona ndi njala.

Achinyamata a kuno amakaphunzira ku Mocuba, komwe Universidade Zambeze imaphunzitsa za ulimi ndi nkhalango, ena ku Quelimane pa Universidade Licungo yomwe inakhazikitsidwa mu 2019. Chaka cha maphunziro chimayamba mu February kapena March, nkhokwe zili mbee, chimanga chisanache. Nthawi yomweyo pamafunika ndalama yolembetsera, ya lendi, ya makala ndi ya mapepala. Zikachepa, wophunzira amayamba kudula chakudya.

Zinafika poipa mu March 2023 pamene namondwe Freddy anaononga Quelimane ndi minda ya m'Zambezia maphunziro atangoyamba. Makolo analibe chotumiza.

Wophunzira wotere amadya nsima kamodzi patsiku, nkuwerenga mpaka usiku. Mutu umapweteka, tulo sitibwera, zomwe wawerenga sizikhala m'mutu. Ena amathawira ku mowa, pomwe atsikana ena amanyengedwa ndi abambo a ndalama, nkutenga mimba kapena kachirombo ka HIV.

Ambiri sanena. Amadziwa kuti kwawo anagulitsa mbuzi kapena njinga kuti iwo aphunzire, ndiye kudandaula kumawachititsa manyazi. Nkhawa ikakhalitsa imasanduka matenda: munthu amadzipatula, amasiya kusamba ndi kupita m'kalasi, mwinanso kuganiza zodzipha. Kumudzi zotere amafulumira kuti walodzedwa chifukwa cha nsanje, koma ndi matenda omwe amachizika. Kuyambira 1996 Unduna wa Zaumoyo umaphunzitsa ogwira ntchito otchedwa técnicos de psiquiatria, omwe amatumizidwa m'zipatala za m'maboma. M'zipatala zambiri mulinso chipinda cha achinyamata chotchedwa SAAJ, momwe amalandira uphungu mwachinsinsi.

Makolo angathandize ngakhale alibe ndalama yotumiza pa M-Pesa kapena e-Mola. Pokolola, asagulitse zonse. Apatule thumba la chimanga ndi nyemba, alisunge bwino mpaka February, nkulikweza galimoto ya ku Mocuba. Ndipo akamuimbira foni mwana, asamangofunsa za mayeso. Amufunsenso kuti lero wadya chiyani, nanga wagona bwanji.