Bauti ikakana kucoka, nyundo idikire

Mvula ikatha mu April, njinga zamoto za mawilo atatu zimayamba nchito yeniyeni. Ndizo zimatuta cimanga kupita ku madepoti a FRA, nshawa za m'midzi ya kwa Kalindawalo, ndi nthoci za ku Nyimba kufika nazo pa mseu wa Great East. Njinga yotere ikagona sabata imodzi nthawi yokolola, banja kapena gulu la ku parishi limene linasonkha ndalama zoigulira limataya zambiri.

Cimene cimagoneka njinga zakale nthawi zina ndi bauti imodzi cabe. Wilo lakumbuyo limagwiridwa ndi mkono wacitsulo umene amakanika amati swing arm, ndipo mkonowo umakwera ndi kutsika pa bauti yopyola mu felemu. Pa Bajaj wilo lililonse lakumbuyo lili ndi mkono wake. Njinga zambiri za katundu zocokera ku China zili ndi masipuling'i kumbuyo, koma mabauti ake amadwala matenda omwewo.

Bautiyo imadutsa m'kapaipi kacitsulo kamene kali mkati mwa bushi ya mphira. Madzi a m'madambo ndi matope zikalowa pakati pake, pamacita dzimbiri. Tsono dzimbiri limatupa kuposa citsulo cimene ladya, motero bauti ndi kapaipi zimamatana n'kukhala cinthu cimodzi. Inu onyamula feteleza dziwani kuti fumbi la urea ndi D Compound likanyowa limafulumizitsa zimenezi.

Apa ndi pamene ambiri amaonongera njinga. Munthu amacotsa nati, natenga nyundo yaikulu, n'kuyamba kumenya nsonga ya bauti. Nsongayo imaphwatalala ngati bowa, ndipo siingapitenso pa ciboo cake. Akapitiriza, makutu a felemu amapindika. Bauti yatsopano mungagule ndi ndalama zocepa, koma felemu yopindika imayendetsa wilo cammbali, matayala n'kumatha mbali imodzi.

Yambani ndi kuimika njinga pa zipika zolimba, osati pa jeke yokha, ndipo masulani shoko kuti bauti isasenze kulemera kulikonse. Tsukani matope onse. Thirani WD-40 mbali zonse ziwiri, kapena dizilo wosakaniza ndi oilo pang'ono, m'mawa ndi madzulo kwa masiku awiri kapena atatu. Nkhani ya masiku imeneyi ndiyo anthu safuna kumva, koma ndi imene imapulumutsa felemu.

Kenaka masulani nati koma musaicotse. Ilekeni italingana ndi nsonga ya bauti kuti iteteze mazinga. Gwirani mutu wa bauti ndi sipanala yokwana bwino, muipotoze pang'ono uku, pang'ono uko, n'kuthiranso mafuta. Ikayamba kugwedera, menyani mopepuka pa natiyo, mnzanu atatsamiritsa paipi yolemera kuseri kwa felemu kuti isatambasuke. Ikasuntha, cotsani nati n'kuikankha ndi kacitsulo koonda kuposa bautiyo.

Pali cinyengo cimodzi. Bauti itha kuzungulira bwinobwino koma osatuluka. Pamenepo musakondwere: ndiye kuti kapaipi kang'ambika ku mphira ndipo kakuzungulira pamodzi ndi bauti. Kumenya sikuthandizanso.

Ena amathamangira kwa owocherera kuti atenthe ndi gasi. Moto umathandizadi kuthyola dzimbiri, koma thanki ya petulo ndi mapaipi ake zicoke kaye, mawaya atetezedwe, madzi ndi mcenga zikhale pafupi, ndipo nchito icitikire kutali ndi udzu ndi nkhokwe. Mphira wa bushi udzapsa ndithu, conco musayatse moto musanagule mabushi ena.

Zonse zikakanika, lowetsani mpeni wa sowo yacitsulo pa mpata wa pakati pa mkono ndi felemu, mudule bauti mbali zonse ziwiri. Ndi nchito yotopetsa ya tsiku lathunthu, koma mkono umatsika felemu ili bwino. Cidutswa cotsala acikankhe ndi pulesi ku garaji.

Pogula ina, nyamulani zidutswa za yakale kuti muyerekeze kutalika ndi kunenepa, kaya ndi pa Boma ku Petauke, ku Chipata kapena ku Lusaka. Yang'anani pa mutu wake: palembedwe 8.8 kapena 10.9. Bauti za 4.8 za m'mashopu a zomangira n'zofewa, sizoyenera kusenza matumba a 50kg pa mseu wa mabampu. Ipakeni girizi yonse musanailowetse, ndipo muziitulutsa ndi kuipakanso mu October mvula isanayambe. Pakati pa caka, kwezani njinga, gwirani wilo ndi manja awiri n'kuligwedeza cammbali. Mukamva kugogoda ku mkono, mabushi atha.