Mitsempha yotupa m'miyendo: kodi sikani imaona chiyani?

Ngati miyendo yanu imalemera ndi kuphwanya madzulo, ndipo mitsempha yatukuka n'kupindikapindika pakatumba, vuto likhoza kukhala la mavavu a m'mitsemphayo.

Magazi ochokera kumapazi amayenda mokwera kubwerera kumtima. Mukamayenda, minofu ya katumba imawakankhira m'mwamba, ndipo mavavu, omwe ali ngati tizitseko, amatseka kuti asabwerere pansi. Mavavu akafooka, magazi amadikha m'mwendo ndipo mtsempha umatupa. Izi zimachitika kwambiri kwa amayi oyembekezera, anthu onenepa kwambiri, achikulire, amene amagwira ntchito ataimirira tsiku lonse, komanso amene vutoli ndi lakumtundu.

Zimene zimachitika poyeza

Sikani yake ndi ya ultrasound, yofanana ndi ija amaunikira amayi oyembekezera. Imagwiritsa ntchito mafunde a phokoso, choncho palibe jakisoni kapena kucheka.

Nthawi zambiri mumayezedwa mutaimirira, chifukwa mukagona magazi sabwerera pansi moonekera bwino. Woyeza amapaka mafuta oterera pakhungu n'kuyendetsa kachipangizo kuchokera m'mphechepeche mpaka m'kakolo. Kenako amafinya katumba n'kusiya. Vavu yabwino imatseka pompopompo, koma magazi akabwerera pansi kopitirira theka la sekondi m'mitsempha ya pafupi ndi khungu, ndiye kuti vavuyo yafooka. Sikaniyi imaonetsanso ngati magazi aundana m'mitsempha ya mkati. Zonsezi zimatenga mphindi 30 mpaka ola limodzi. Valani zovala zosavuta kukwinya mpaka m'ntchafu.

Zotsatira zake

Zotsatirazi zimathandiza dokotala kudziwa mtsempha weniweni wolakwika asanasankhe chithandizo: masokosi apadera othina, kutseka mtsempha ndi mankhwala kapena kutentha, kapenanso opaleshoni. Mtsempha woonongeka ukatsekedwa, magazi amadutsa m'mitsempha ina.

Musachedwe kuchipatala

Pitani mukaonane ndi achipatala ngati khungu la m'kakolo likuda, kuyabwa kapena kulimba, kapena ngati chilonda chatha milungu iwiri osapola. Mwendo umodzi ukatupa mwadzidzidzi ndi kupweteka, pitani tsiku lomwelo, makamaka ngati mukubanika kapena kumva kupweteka pachifuwa, chifukwa magazi oundana atha kufika m'mapapo.

Musateme mphini pamtsempha wotupa. Ukayamba kutuluka magazi, gonani pansi, kwezani mwendo m'mwamba, dinikizani pabalapo ndi nsalu yoyera, kenako wina akutengereni kuchipatala.