Kuyeza Tauni Yaing'ono Ngati Ingasunge Wokalamba Wodwalira Pakhomo

Munthu akapuma pa ntchito, banja limayamba kukambirana za kumene akakhale, ndipo mabanja ambiri m'Malawi amasankha tauni yaing'ono, kaya paboma la kwawo kapena pamalo a malonda a m'mbali mwa msewu wa tala, poti kumeneko malo omanga nyumba ndi otsika mtengo, chakudya sichivuta kupeza, komanso kumudzi n'kufupi. Chisankho chimenechi chimachitika munthuyo akadali ndi mphamvu zopita yekha kumsika ndi kutchalitchi, choncho sipakhala wofunsa kuti tauniyo idzamusunga bwanji akadzayamba kulephera kudzuka yekha. Komatu matenda a ukalamba sachedwa kufika, chifukwa kafukufuku amene unduna wa zaumoyo unachita pamodzi ndi bungwe la WHO mu 2009 anapeza kuti mwa anthu atatu alionse a zaka 25 mpaka 64, mmodzi anali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi, lomwe limabweretsa sitiroko, matenda ofoola ziwalo mwadzidzidzi mtsempha wa mu ubongo ukatsekeka kapena kuphulika.

Chisamaliro cha pakhomo ndi chithandizo chimene wodwala amalandira m'nyumba mwake m'malo mogonekedwa m'chipatala: kumusambitsa, kumudyetsa, kumumwetsa mankhwala pa nthawi yake, kutsuka zilonda, ndiponso kuzindikira msanga kuti tsopano matenda afika pofuna dokotala. Ku Britain, kumene Amalawi ena amagwira ntchito imeneyi, makampani amatumiza wosamalira pakhomo n'kulipiritsa pa ola, pamene m'matauni aang'ono a kuno ntchitoyi ili m'manja mwa achibale, a mpingo, ndi magulu odzipereka amene ambiri anayamba m'zaka za m'ma 1990, Edzi itadzaza zipatala. Ndiye poyeza tauni, kuwerenga zipatala kokha sikukwanira. Chofunika n'kudziwa amene adzalowe m'chipinda cha wodwalayo, kangati pa sabata, atanyamula chiyani.

Salima ndi chitsanzo chabwino. Ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 100 kuchokera ku Lilongwe pa msewu wa tala, ili ndi chipatala cha boma chachikulu cha m'bomalo, ndipo malo ake ndi athyathyathya, moti njinga ya olumala imayenda popanda chikweza, ngakhale mchenga umaivutitsa m'misewu ya m'makomo. Chipatala chotere chimatha kuyeza shuga ndi kuthamanga kwa magazi, kupereka mankhwala a mwezi ndi mwezi ndi kugoneka wodwala chibayo, koma matenda ofuna madokotala a ukadaulo wapadera chimawatumiza ku Kamuzu Central Hospital. Apa mpamene mtundu wa matenda umagamula nkhani. Wodwala impso amene amasefedwa magazi ndi makina, ntchito yochitika kawiri kapena katatu pa sabata ku zipatala zazikulu za ku Lilongwe ndi Blantyre, sangakwanitse kukhala ku Salima, pakuti ulendo wokhawo ungamalize mphamvu zake pamodzi ndi penshoni yake. Wodwala shuga wongofuna kuonana ndi achipatala mwa apo ndi apo angakhaleko bwinobwino.

Mtunda weniweni, komabe, ndi wochokera pabedi kufika pageti la chipatala pakati pa usiku. Kabaza, yemwe ndiye mayendedwe a tsiku ndi tsiku m'matauni otere, sanganyamule munthu wofa mbali imodzi, ndipo ambulansi za boma ndi zochepa, kawirikawiri zimakhala zitatanganidwa ndi amayi oyembekezera a ku zipatala zazing'ono, mwinanso zilibe mafuta. Banja liyenera kudziwiratu mnansi wagalimoto amene angadzutsidwe, ndiponso kuona ngati msewu wofika pakhomo umapitika nthawi ya dzinja, poti nyumba yooneka yapafupi mu Ogasiti imatha kukhala kutsidya kwa dambo mu Febuluwale.

Chimene chimaikweza Salima pamwamba pa matauni ambiri a msinkhu wake ndi Ndi Moyo, malo othandizira odwala matenda osachiritsika amene anakhazikitsidwa ndi namwino Lucy Finch n'kutsegulidwa mu 2007. Chithandizo cha mtundu umenewu cholinga chake si kuchiza, koma kuchepetsa ululu ndi zowawa zina za matenda monga khansa, kuti wodwala adye, agone, ndi kucheza ndi abale ake, ndipo ogwira ntchito yake amayendera odwala m'makomo ndi kuphunzitsa achibale kasamalidwe koyenera. Mankhwala ake aakulu ndi mofini wakumwa, mankhwala amphamvu oletsa ululu amene malamulo salola kuti azigulitsidwa mwachisawawa, kotero kuti tauni imene ilibe wachipatala wophunzira kuwapereka imasiya wodwala khansa akubuula usiku wonse atamwa panado. Ntchito yofanana nayo imapezekanso ku chipatala cha St Gabriel's ku Namitete ndi ku Mulanje Mission, zomwe zikutanthauza kuti malo aang'ono oyandikana ndi chipatala cha mishoni nthawi zina amaposa tauni yaikulu ya paboma. Chokhacho n'chakuti zipatala za mishoni, zomwe zili pansi pa bungwe la CHAM, zimalipiritsa, ndipo mapangano amene boma limachita nazo kuti anthu athandizidwe ulere amakhudza makamaka amayi oyembekezera ndi ana aang'ono, osati agogo.

Mlangizi wa zaumoyo, wantchito wa boma amene amayenda m'midzi kupereka katemera, kuyeza ana sikelo ndi kuyang'anira ukhondo, ndiye wachipatala wapafupi kwambiri ndi khomo lililonse, ngakhale ntchito yake yambiri ndi ya ana osakwana zaka zisanu. Ku Neno, kumene bungwe la Abwenzi Pa Za Umoyo lakhala likugwira ntchito ndi boma kuyambira 2007, anthu ophunzitsidwa a m'mudzi momwemo amayendera mabanja ndi kulondoloza odwala matenda a mgonagona ku kiliniki, ndipo zimenezi zakhala zikuchitika m'boma limene lakhala likudandaula za msewu woipa kwa zaka zambiri. Tala yekha sayendera wodwala.

Nyengo ndi kamangidwe ka nyumba n'zimene zimalemetsa kapena kupeputsa ntchito ya tsiku ndi tsiku. Kutentha kwa ku Salima mu Okutobala ndi Novembala kumatha madzi m'thupi la wokalamba, yemwe ludzu salimva msanga, ndipo thukuta limafulumizitsa zilonda zobwera chifukwa chogonera mbali imodzi, zomwe zimayamba ngati kufiira kwa khungu pa thako kapena pa chidendene n'kudzaboola mpaka mnofu ngati wodwalayo satembenuzidwa maola awiri alionse. Malungonso ndi ochuluka m'mbali mwa nyanja. Insulini, mankhwala obaya a odwala shuga, amawonongeka ndi kutentha, ndiye kumene magetsi amathimathima mabanja ena amawasunga mu mtsuko wadothi wokhala ndi mchenga wonyowa. Dedza ilibe vuto la kutentha, koma kuzizira kwake kwa mu Juni ndi Julayi kumavutitsa a chifuwa ndi a nyamakazi, ndipo zikweza zake sizifuna munthu woyendera ndodo. Kulikonseko, chimbudzi chokumba chakuseri kwa nyumba, chofuna kunjuta, chimagonjetsa mawondo okalamba kale matenda ena asanafike, ndipo wodwala wosatha kudzigwira mkodzo amafuna madzi ochapira zofunda tsiku lililonse, zomwe zimapangitsa mpopi wapakhomo kukhala wofunika kuposa chipinda chochezera chachikulu.

Zonsezi zimagwera munthu mmodzi, wodwazika matenda, amene kuchipatala amamutcha gadiyani, yemwe ngakhale wodwala atagonekedwa ndiye amaphika, kuchapa ndi kumusambitsa. Ana amene ali ku Lilongwe kapena ku Johannesburg amatha kutumiza ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, koma ndalamayo imafunabe manja oti atembenuze wodwala, ndipo kawirikawiri manjawo amakhala a mdzukulu wamkazi amene sukulu yake imaima. Tauni imene wokalambayo ali ndi achibale angapo oti azilandizana, komanso amayi a Chigwirizano, a Mvano, a Dorika kapena a mphakati omudziwa ndi dzina, imaposa tauni ya chipatala chokongola kumene iye ndi mlendo.

Kukhala mlendo kuli ndi ngozi inanso. Matenda oiwalaiwala a ukalamba, amene amawononga ubongo pang'onopang'ono, amachititsa munthu kuyenda usiku, kulowa m'nyumba za eni kapena kuvula pagulu, ndipo kumene anthu sakumudziwa zimenezi zimatengedwa msanga ngati ufiti. Mu Januwale 2016 okalamba anayi anaphedwa ku Neno powaganizira ufiti, ngakhale lamulo la mu 1911 limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti. Banja losamutsira kholo lotere kumalo achilendo liyenera kukaonekera kwa amfumu kapena kwa mkulu wa dera, kufotokozera anansi za matendawo asanawaone okha, ndi kusunga pafupi kabuku ka kuchipatala momwe adokotala analembamo dzina la matendawo.