Intaneti yochokera kumwamba: tiyambe tawerengera matumba

Ena mwa inu munaziona nthawi ya chisisira, dzuwa litangolowa kutsidya kwa Zambezi: tinyali tandondozana m'mwamba ngati nyerere zopita kudzenje. Si nyenyezi ayi. Ndi masetilaiti a Starlink, a kampani ya SpaceX ya ku America, amene anayamba kuponyedwa m'mlengalenga mwaunyinji mu 2019, ndipo lero alipo zikwizikwi.

Masetilaiti akale, monga otibweretsera wailesi yakanema, ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 36,000. Awa amauluka pafupi, pa makilomita ngati 550, motero uthenga suchedwa panjira. Popeza amazungulira dziko mwaliwiro, afunika kuchuluka, kuti ina ikamalowa ina ikhale itatulukira. Pansi pano pamangofunika kambale kolandirira uthenga, koikidwa poyera pamene mitengo sitchinga thambo. Zambia inayamba kulandira intanetiyi mu Okutobala 2023, patangopita miyezi yochepa Malawi itayamba.

Kwa wokhala m'tauni muno mu Livingstone nkhaniyi si yaikulu, pakuti nsanja za mafoni zilipo. Koma ambiri a inu mukamaliza maphunziro mumabwerera kumidzi ya ku Kazungula ndi Zimba, kumene munthu amakwera pachulu kuti foni igwire. Kumeneko kusamva nkhani kumawononga chuma. Mu Julayi 2023 bungwe loona zanyengo padziko lonse linalengeza kuti El Niño yayamba. Mlimi amene anamva msanga anali ndi miyezi inayi yoganizira zodzala mapira ndi khobwe, kapena chimanga chocha msanga. Ambiri anadzala monga mwa masiku onse. Pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilalacho ndi tsoka la dziko, chimanga cha mahekitala pafupifupi miliyoni imodzi chitapserera m'minda. Sitikunena kuti intaneti ikanagwetsa mvula, koma kudera ngati lathu, kumene mvula siifika mamilimita 800 pachaka, kudziwiratu n'kofunika ngati mbewu yeniyeniyo.

Tsono tiwerengere monga timachitira pogula pulawo kapena pampu. Pamene Starlink inkafika, zipangizo zake zinkagulidwa kupitirira K10,000, ndipo malipiro a mwezi anali pafupifupi K770. Chaka chimenecho Food Reserve Agency inkagula thumba la chimanga la makilogalamu 50 pa K280. Ndiye kuti kambaleko kanali matumba oposa 35, ndipo mwezi uliwonse kankadya matumba pafupifupi atatu, kaya mwakolola kaya simunakolole. Mitengoyi yasintha, choncho funsani ya lero, koma kawerengedwe kake n'komweko. Mlimi wa hekitala imodzi sangausenze yekha katundu wotere.

Palinso magetsi. Kambaleko kamadya mawati pakati pa 50 ndi 100 nthawi yonse imene kayaka. Tonse tikukumbukira mmene chilala chomwecho chinaphwetsera Kariba mu 2024, magetsi n'kumazima pafupifupi tsiku lonse. Wogula kambale ayenera kuwerengeranso sola ndi batire, apo ayi wagula chokongoletsera denga. Mvula yamphamvu nayonso imadula uthenga kwa kanthawi.

Ife tikuona kuti malo oyenera chipangizochi ndi pakopaletivi, kapena pasukulu ndi pachipatala cha m'mudzi. Alimi 30 akasonkherana, aliyense amapereka zosakwana mtengo wa nkhuku imodzi pamwezi. Pamenepo angaone ulosi wa mvula wa nthambi ya zanyengo, angatumize kwa mlangizi chithunzi cha tsamba lodyedwa ndi mbozi, angamve mtengo wa tomato pamsika wa Maramba asanalipire galimoto. Chovuta, monga tikudziwira ndi zigayo za magulu, chimakhala chosunga ndalama ndi chosunga kiyi. Musanagule, lembani m'buku la gulu amene azitolera zopereka, tsiku lolipira, ndi chochita mwezi umene theka la mamembala lalephera kusonkha.